Kalata kwa aNaphiri kuchokera ku Alert Bay

Okondedwa aNaphiri,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana onse. Ine kuno ndili bwino ndithu, kungoti nyengo yozizira yafika ndi mvula yake yosakata, ndipo ikamakwana 5 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale. Uthenga wanu ndinaumva. Mwandifunsa chimene ndikukakamirira pa kachilumba kopanda Mmalawi mnzanga, pamene ku Calgary ndi ku Vancouver kuli anzathu odya nawo nsima, kulinso ntchito za malipiro onona. Funso lotere silingayankhike ndi mawu a mphindi ziwiri pa WhatsApp, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembereni bwinobwino.

Ndiyambe ndakuuzani kumene ndili, poti pa mapu mukhoza kudutsapo osapaona. Mudziwu uli pa chilumba cha Cormorant, chakumpoto kwa chilumba chachikulu cha Vancouver, kumadzulo kwa Canada. Azungu anautcha Alert Bay potengera sitima yankhondo ya ku Britain, koma eni ake amati 'Yalis. Kuti ufike kuno umakwera pantoni ku Port McNeill, ulendo wa mphindi ngati 45, ndipo pantoni yomweyo imapitanso ku Sointula, mudzi wa pa chilumba china umene unayambitsidwa ndi anthu ochokera ku Finland mu 1901. Anthu tonse pa chilumba pano sitifika 1,500. Msewu waukulu ndi umodzi, wotsata gombe, ndipo chilichonse chimayendera nthawi ya pantoni: kukagula katundu wambiri, kukaonana ndi dokotala wamkulu, ngakhale kubereka kumene, chifukwa mayi woyembekezera amanyamukiratu masiku ake asanakwane kukadikirira ku tauni. Nyanja yake ndi yamchere, imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, moti pamene m'mawa panali madzi masana ana akutolapo nkhanu. Miyezi yotentha anamgumi akuda ndi oyera aja otchedwa orca amadutsa chapafupi, alendo n'kumabwera ndi makamera awo. Zimenezo n'zokongola, koma si zimene zandikhazika.

Eni mudzi ndi a 'Namgis, umodzi mwa mitundu yolankhula Kwak'wala, imene yonse pamodzi imatchedwa Kwakwaka'wakw. Kwawo kwenikweni ndi ku mtsinje wa Nimpkish, tsidya lija moyang'anana ndi chilumbachi. Chimene chinawakokera kuno ndi ntchito: m'ma 1870 azungu anatsegula malo othira nsomba mchere, kenako fakitale yoika nsomba m'zitini, mishoni ya Anglican nayo n'kudzamanga pompano. Nthawi imeneyo n'kuti matenda akupulula anthu. Nthomba ya mu 1862 inasesa midzi ya m'gombe lonseli, chikuku ndi chifuwa chachikulu zinatsatira, moti pofika m'ma 1920 mitundu yonse ya Kwakwaka'wakw inali itatsala ndi anthu ongopitirira 1,000. Agogo amene ndimawasamalira ku ntchito ndi ana ndi zidzukulu za otsalawo. Ndikamawasambitsa kapena kuwadyetsa, zimenezi sizichoka m'mutu mwanga.

Ndili mlendo weniweni, ndisanadziwe ngakhale mayina a oyandikana nawo, ndinapeza pakhomo panga botolo la nsomba ya salmon yophika kale, lopanda dzina la wosiya. Patapita masiku panabweranso nsomba yowamba yokulunga m'pepala. Nditafunsa agogo ena kuti ndibweze bwanji, anangoti nsomba zikadzabwera ndidzapite ndi mpeni. Ndinapitadi. Boti likabwera ndi nsomba zodyera mudzi, zimagawidwa nyumba ndi nyumba, kuyambira okalamba, ndipo masiku amenewo kuseri kwa nyumba iliyonse kuli tebulo, anthu akutumbula, ena akuwamba m'timakumbi ta utsi, ena akuthira m'mabotolo zoti adzadye chaka chonse. Ina amaipana pa timitengo ta mkungudza n'kuiimika m'mbali mwa moto. Palibe amene amawerengera mnzake kuti wagwira maola angati. Wodwala, wamasiye, amene mwamuna wake ali kutali, onse gawo lawo limawapeza.

Poyamba ndinkaona ngati ndi kukoma mtima chabe kwa anthu a kumudzi. Nditalowa mu Nyumba Yaikulu ya pamtunda ndi pamene ndinaona muzu wake.

Mwambo umene umachitikira m'menemo azungu amautcha potlatch. Banja likafuna kukumbukira mfumu kapena kholo lomwe linatisiya, kupatsa ana mayina a makolo, kulonga mfumu yatsopano kapena kumanga ukwati, limaitana mitundu yoyandikana nayo. Anthu amabwera mazanamazana, pantoni kudzaza, nyumba iliyonse kugona alendo mpaka pabalaza. Nyumba Yaikuluyo ndi ya mitengo ikuluikulu ya mkungudza, mizati yake yosemedwa, pansi pake ndi dothi, pakati pamayaka moto waukulu, utsi n'kumatulukira pa bowo la padenga. Kuseri kwa moto amuna amakhala mbali ziwiri za chipika chachitali chogoba, n'kumachimenya ndi timitengo onse pamodzi uku akuimba, mpaka kugunda kwake kumamvekera m'chifuwa. Amayamba ndi nyimbo za maliro, amayi a banjalo atakhala kutsogolo. Zikatha zimenezo ndi pamene magule amatuluka. Pali ovina ovala makungwa a mkungudza onyikidwa mofiira. Pali zigoba za mbalame zamilomo yaitali kuposa mkono wa munthu, wovina atanyonyomala n'kumakoka kachingwe kobisika, mlomo uja n'kumatseka kuti kho! kho! kho! Amayi amavina mofatsa, zikhatho zili m'mwamba, atafunda mabulangete akuda ndi ofiira osokererapo mabatani onyezimira ojambula chizindikiro cha banja lawo. Usiku ukapita amavina gule wamtendere atavala zisoti zodzaza nthenga zofewa za nkhwazi, ndipo wovina akagwedeza mutu nthengazo zimauluka nyumba yonse n'kumatera pa anthu.

Koma mumvetse apa, aNaphiri, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Gule aliyense, nyimbo iliyonse, dzina lililonse ndi chuma cha banja linalake. Munthu sangangodzuka n'kuvina gule wa eni ake. Ndiye wolankhulira mfumu amaimirira n'kufotokoza kuti gule uyu analowa m'banja muno kudzera mu ukwati wa agogo akutiakuti, dzina ili linali la uje, lero tikulipereka kwa mwana uyu. Alendo onse aja sanabwere kudzaonerera. Abwera kudzakhala mboni. Ndipo pamapeto, nthawi zina kunja kukuyera, banjalo limatulutsa katundu amene lakhala likusonkhanitsa zaka zingapo: mabulangete, matawulo, mabeseni, mbale, makapu, zoluka pamanja, mabotolo a nsomba, ndalama. Achinyamata amayenda mzere ndi mzere kugawa, osadumpha munthu. Ine anandipatsa bulangete ndi beseni lodzaza ziwiya. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza kuti chimene ndalandiracho ndi malipiro a umboni: ndaona ndi maso anga kuti mwana uja wapatsidwa dzina, ndipo tsiku lina wina akadzatsutsa, ine ndili m'gulu la oyenera kukumbukira.

Mawu amenewo anandikhala mumtima. Dziko lino nthawi zambiri mlendo ngati ine amamuona ngati manja ogwira ntchito basi. Usiku umenewo anandiwerengera ngati munthu amene maso ake ndi chikumbumtima chake zili ndi ntchito m'mudzi. Kuno mfumu imalemekezeka ndi zimene yagawa, osati zimene yasunga. Akuluakulu athu anati kupatsa n'kuika, ndipo anthu awa anamangirapo malamulo awo onse, a maukwati, a maufumu, a malo opherako nsomba, kalekale kusanabwere pepala ndi sitampa.

Tsono tamvani zimene boma linachita. Mu 1884 boma la Canada linaika m'lamulo lake lolamulira eni nthaka ndime yoletsa potlatch, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1885. Amishoni ndi akuluakulu a boma ankati mwambowu ndi wosakaza chuma, umalepheretsa anthu kutukuka ndi kutembenuka mtima. Anthu anapitiriza mobisa. Mu Disembala 1921 mfumu ina ya a 'Namgis, Dan Cranmer, inachititsa potlatch yaikulu pa chilumba cha Village, kutali ndi maso a boma. Inagawa mabwato, maboti a injini, makina osokera, magalamafoni, mabulangete ndi matumba a fulawa. Nkhani inamufika William Halliday, mkulu wa boma woyang'anira eni nthaka kuno ku Alert Bay, ndipo anthu 45 anaimbidwa milandu. Milandu yake mukaimva mungagwetse misozi: kuvina, kulankhula pagulu, kunyamula mphatso kukapereka kwa mlendo. Anawauza kuti amene midzi yawo ipereke zigoba ndi zovala zonse za mwambo sapita kundende. Ena anapereka, mitima ikuwawa. Anthu pafupifupi 20, amayi ali momwemo, anakatsekeredwa ku ndende ya Oakalla kufupi ndi Vancouver, miyezi iwiri kapena itatu.

Katundu wolandidwayo Halliday anamuyala mu holo ya tchalitchi pompano, zinthu zimene mwa mwambo zimasungidwa mobisika mpaka tsiku lake, anthu n'kumalipira kuti alowe adzaone. Zina anagulitsa kwa George Heye, wosonkhanitsa zinthu zakale wa ku New York. Zotsala zinapakidwa m'mabokosi kupita ku nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Ottawa ndi ku Toronto. Inu ndi ine tinakulira kumene gule wamkulu amatuluka pa maliro ndi pa chiliza, ndipo tikudziwa mmene amishoni analimbanirana naye. Koma kwathu dambwe linatsala m'manja mwa eni ake. Taganizani apolisi atafika n'kukokolola zonse za kudambwe, kukaziyala pa holo kuti aliyense wolipira aone, kenako kuzitumiza kutsidya la nyanja, eni ake ali m'ndende. Ndi zimene zinachitika kuno, ndipo ana a omangidwawo ena ndi amene anamwalira posachedwapa.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti sanasiye. Ankachita mwambo nthawi ya namondwe, podziwa kuti boti la apolisi silingawoloke. Ankapita ku midzi ya kutali ya m'mitsinje. Ena ankagawa mphatso pa Khirisimasi, atazikulunga ngati za Khirisimasi, koma wopereka ndi wolandira akudziwa chimene chikuchitika. Ndime ija inachotsedwa m'lamulo mu 1951, mwakachetechete, popanda kupepesa. Mu 1953 mmisiri wosema Mungo Martin anachititsa potlatch poyera ku Victoria, likulu la chigawo chino cha British Columbia. Kenako inayamba nkhondo yoitanitsa katundu uja. A ku Ottawa anavomera, koma anati pokhapokha mutamanga nyumba yosungiramo zinthu zakale. Anamanga ziwiri, ina ku mudzi wina wotchedwa Cape Mudge, ina kuno, yotchedwa U'mista Cultural Centre, imene inatsegulidwa mu 1980. Mmodzi mwa amene anatsogolera ntchitoyo anali Gloria Cranmer Webster, mwana wa Dan Cranmer yemwe uja. Zina zinabwera mochedwa: chisoti china chinali chitafika mpaka ku Paris m'nyumba ya wolemba André Breton, ndipo mwana wake anachibweza yekha mu 2003. Chigoba china chinachokera ku British Museum ya ku London mu 2005, koma mwa ngongole, ati akungobwereketsa. Kubwereketsa mwini wake! Zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Mukalowa mu U'mista mudzaona kuti zigoba zambiri sizili m'magalasi. Zili poyera, zondandalikidwa motsata mmene zimatulukira pa mwambo. Eni ake anati zakhala m'ndende nthawi yokwanira. Ine ndimapitako ndikatopa, ndipo sindinatulukemo mtima uli chimodzimodzi.

Pafupi penipeni ndi nyumbayo pali bwalo lopanda kanthu. Pamenepo panali St. Michael's, sukulu yogonera komweko, chinyumba cha njerwa zofiira chomangidwa mu 1929, choyendetsedwa ndi mpingo wa Anglican ndi ndalama za boma. Ana ankatengedwa kuchokera m'midzi ya m'gombe lonseli, ena kutali kumpoto, ena ali ndi zaka 6 zokha. Ankawameta, kuwapatsa nambala, kuwalanga akalankhula chinenero cha amayi awo. Njala, zikwapu, ndi zina zoipa zosaneneka zimene akuluakulu ankachita kwa ana usiku. M'dziko lonse la Canada ana oposa 150,000 anadutsa m'sukulu zoterezi, ndipo zikwi zingapo mwa iwo sanabwerere kwawo. Ya kuno inatsekedwa m'ma 1970, koma chinyumbacho chinaimabe mpaka mu 2015. Mu Febuluwale chaka chimenecho, asanachigwetse, amene anaphunziramo anasonkhana, anaimba, analira, ndipo anatola miyala n'kumagenda chinyumbacho.

Ine ndine Mkhristu, mukundidziwa, ndipo sindinasiye kupemphera. Koma sindingakubisireni kuti zimandiwawa kuti zonsezi zinachitika m'dzina la Ambuye amene ankati alekeni ana abwere kwa Ine. Chodabwitsa n'chakuti agogo ambiri kuno ndi opemphera, amaimba nyimbo za tchalitchi m'Kwak'wala, ndipo Loweruka amene anali ku Nyumba Yaikulu Lamulungu umamupeza m'tchalitchi. Anasiyanitsa okha Mulungu ndi anthu amene anawazunza.

Ku ntchito kwanga zipsera za sukuluyo ndimazigwira ndi manja. Pali agogo amene safuna kuti chitseko chitsekedwe. Pali amene amabisa buledi pansi pa pilo ngakhale chakudya chili chambiri. Pali amene sungawakhudze usanawauze kuti ndikukhudzani apa. Ena akayamba kuiwala zinthu, Chingelezi chimathawa, n'kutsala Kwak'wala chimene anawamenyera ali ana, ndipo mdzukulu wobwera kudzawaona samva zimene akunena. Apo ndiye pamandilasa. Olankhula chinenerochi kuyambira ku ubwana atsala ochepa, pafupifupi onse ndi okalamba. Komabe a 'Namgis ali ndi sukulu yawoyawo ya ana, T'lisalagi'lakw, kumene amaphunzitsa chinenero, nyimbo ndi magule. Ana ake akabwera kudzaimbira agogo, umaona munthu amene sanalankhule sabata yonse akugwedeza milomo, dzanja likumenya pa mpando motsata nyimbo. Ndikamva zimenezi ndimakumbukira ana a abale athu a ku Johannesburg ndi ku Britain amene sathanso kupereka moni m'Chichewa, popanda wowamenya ndi mmodzi yemwe. Anu aja musawalekerere.

Musaganize kuti ndikukujambulirani paradaiso. Mavuto alipo, ndipo ndi aakulu. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zatenga achinyamata. Chigawo chino cha British Columbia chinalengeza mu 2016 kuti imfa za mankhwala amenewa ndi ngozi yogwera dziko, ndipo midzi ya eni nthaka ndi imene yalira kwambiri. Nyumba ndi zochepa, katundu m'sitolo ndi wodula, ntchito ndi zosowa, ndipo ana ambiri akamaliza sukulu amapita ku Campbell River, Nanaimo kapena Vancouver. Pamudzi pang'ono chonchi mikangano ya mabanja imakhalitsa, ndipo nkhani imayenda msanga kuposa mwini wake. Kale mudziwu unali wogawika, mbali ya azungu ndi mbali ya eni nthaka, ndipo akuluakulu amakumbukira bwino malire ake. Mu 1999 khonsolo ya mudzi ndi atsogoleri a 'Namgis anasainirana pangano logwirira ntchito limodzi, ndipo lero mabanja ambiri ndi osakanikirana, ngakhale zakale sizinafufutike zonse.

Koma maliro akagwa m'pamene umaona mudzi. Zochitika zina zimaima. Miphika imayenda yokha kupita kunyumba ya ofedwa, ena amasonkha ndalama za pantoni ndi mafuta kuti achibale akutali afike, ena amakhala ndi ofedwawo usiku wonse. Mfumu ikamwalira, patapita nthawi banja limaimika mzati wosema pokumbukira. Kumanda akale a m'mbali mwa msewu ilipo mizati yotere yambiri, ndipo mlendo amaonera ali pamsewu, salowa. Mzati ukakalamba n'kugwa sautola, amausiya kuti ubwerere kudothi. Mu 1997 munthu wina anatentha Nyumba Yaikulu dala. Akuluakulu amati tsiku limenelo anthu analira ngati pagwa maliro. Pofika 1999 ina inali itaima pamalo pomwepo.

Nkhani imene imatenthetsa mitu masiku ano ndi ya nsomba. Kale doko la kuno linkadzaza maboti, bambo aliyense anali msodzi, ana ankakulira pa boti. Kuyambira mu 1968 boma linayamba kuchepetsa ziphaso za usodzi, mu 1996 linachepetsanso kwambiri, ndipo ziphaso zambiri zinathera m'manja mwa makampani ndi anthu a ndalama. Nsomba nazo zinayamba kuchepa. Kenako panabwera makampani oweta salmon ya ku nyanja ya Atlantic m'makola a maukonde, m'njira momwe timwana ta salmon yachilengedwe timadutsa pochoka m'mitsinje. Anthu kuno akhala akudandaula kuti nsabwe za m'nyanja ndi matenda a m'makolamo zimagwira timwanato. Mu Ogasiti 2017 mphunzitsi wina yemwenso ndi mfumu, Ernest Alfred, anapita ndi achinyamata kukakhala pa khola la ku chilumba cha Swanson, ndipo anakhalako miyezi yambiri, mphepo ndi mvula zili pamsana. Mu Disembala 2018 boma la chigawo linagwirizana ndi a 'Namgis ndi mitundu ina iwiri za tsogolo la makola 17 a m'dera la Broughton, ndipo ambiri mwa iwo anachotsedwa. Mu 2024 boma la Canada linalengeza kuti makola otere adzaletsedwa m'chigawo chonse pofika 2029. Si onse akusangalala. Ilipo mitundu ina ya eni nthaka imene ana ake amadyera m'makampani amenewa, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka. Ine ndaima ndi a kuno. Salmon ikatha, si ndiwo zokha zimene zatha. Udzagawa chiyani kwa okalamba? Udzadyetsa chiyani mboni zako? A 'Namgis ali ndi malo awo oswetsera nsomba ku mtsinje wa Nimpkish, ndipo anayesanso kuweta salmon m'matanki pamtunda, kutali ndi nyanja, kusonyeza kuti njira ina ilipo.

Chuma china chimene simungachiganizire ndi mafuta a kansomba kotchedwa eulachon. Nyengo yozizira ikamatha mabanja ena amapita ku Knight Inlet, ulendo wautali pa boti, kukakhala m'misasa kumene kansombaka kamakwera mtsinje. Amakaunjika m'nkhokwe zamatabwa masiku angapo kuti kafewe, kenako amakaphika pang'onopang'ono m'madzi n'kumawengula mafuta oyandama pamwamba. Fungo lake ndi lamphamvu, mlendo amayamba wabwerera m'mbuyo, koma agogo akadwala chimene amaitanitsa ndi chomwecho, ndipo ndaona munthu wokana chakudya akudya atangothirako supuni imodzi. Makolo awo ankawanyamula m'mabokosi kudutsa m'mapiri kukasinthanitsa ndi mitundu ina. Mpaka lero phwando limene mfumu imagawa mafuta amenewa ndi lapamwamba kuposa ena onse.

Za matenda a Covid munamva mmene zinalili m'matauni. Kuno analowa mu Epulo 2020, anagwira anthu pafupifupi 30, mayi mmodzi n'kumwalira. Atsogoleri a mbali zonse anatseka chilumba, anaika lamulo loletsa kuyenda usiku, ndipo sayirini yochenjeza za madzi osefukira ndi imene inkalira madzulo kuuza anthu kuti alowe m'nyumba. Pasanathe nthawi yaitali matendawo anaima. Amene analipo amati anthu anamvera chifukwa aliyense ankadziwa dzina la agogo amene akuwateteza, komanso chifukwa mbiri ya nthomba sinaiwalike.

Ndingakulakwireni ndikapanda kutchula mpira, poti bambo a kwanuko angandifunse. Anthu a kuno ndi okonda mpira wamiyendo koopsa. Mwezi wa Juni kumakhala mpikisano umene unayamba m'ma 1950, matimu a amuna, amayi ndi ana ochokera m'midzi yambiri, ndipo amene anasamukira kutali amabwerera kwawo sabata imeneyo. Ine ndimakhala ku moto ndi amayi anzanga, kukazinga mabuledi ogulitsa.

Ndiye yankho langa ndi limeneli, aNaphiri. Ndalama za ku Calgary ndikuzifuna, sindikana, ndipo fizi ya ana a achimwene ikundidikira mwezi ndi mwezi. Kusowa wolankhula naye Chichewa kumandipweteka, makamaka miyezi ya mdima ino. Koma ndasaina kuti ndikhalebe. Pali agogo amene anazolowera manja anga, ndipo anthu amene analandidwa zambiri chonchi sindifuna kuti azingoona nkhope zatsopano chaka ndi chaka. Komanso ndinalandira bulangete lija pamaso pa anthu. Banja lina likukonzekera potlatch yokumbukira bambo awo chaka chamawa, ndipo andiuza kale kuti ndidzakhale nawo kukhitchini. Panopa madzulo ndikaweruka ndikuluka tinsalu toikira miphika toti tidzalowe m'gulu la mphatso.

Ngati mudzapeze wobwera ku Canada, munditumizireko nsalu za zitenje zingapo, zowala bwino, kuti ndidzaikepo pa mphatsozo. Amayi a kuno amazikonda akandiona nditavala. Mundiuzenso mmene mayi akupezera ndi miyendo ija, ndiponso ngati mvula yayamba bwino kumudzi. Moni kwa bambo a kunyumba, kwa ana, ndi kwa amayi onse a kumpingo.

Ndine mnzanu wokukondani,

Nabanda